Lipoti la nkhani ya LiMux: zimene zinachitikira Linux pa makompyuta a khonsolo ya mzinda wa Munich

Ntchito yanga ndi yoyang'anira makompyuta ndi netiweki za m'maofesi, ndipo pali funso limene limandibwerera nthawi iliyonse bilu ya malayisensi ikafika pa desiki ya mkulu wa zachuma, kapena Microsoft ikalengeza kuti ikusiya kusamalira mtundu wina wa Windows, monga zinachitikira ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Funsolo ndi lakuti, kodi sitingaike Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa makompyuta a antchito kuti tipumeko ku ndalama zimenezi? Nkhaniyi ikayamba, sipatenga nthawi wina asanatchule mzinda wa Munich wa ku Germany. Mbali zonse ziwiri zimautchula, chifukwa okonda Linux amati Munich inasonyeza kuti n'zotheka, pamene otsutsa amati Munich yomweyo inayesa n'kubwerera ku Windows manja ali m'khosi. Ndalemba lipoti lino kuti nkhaniyi iyalidwe mwa ndondomeko yake, ndipo m'malo angapo ndaikamo zimene ndakumana nazo ndekha pogwirizanitsa makompyuta a Linux ndi a Windows mu netiweki imodzi.

Mmene ntchitoyi inayambira

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, khonsolo ya Munich inali ndi makompyuta a pa desiki pafupifupi 14,000, ndipo ambiri mwa iwo ankayendera Windows NT 4.0 pamodzi ndi Microsoft Office. Microsoft inali italengeza kale kuti chithandizo cha NT 4.0 chikutha, zimene zinatanthauza kuti khonsoloyo inayenera kusamuka, ifune isafune. Kusamukira ku Windows XP kunkafuna malayisensi atsopano komanso makina amphamvupo, choncho makhansala ena anafunsa ngati panalibe njira ina, ndipo kampani ya alangizi ya Unilog inapatsidwa ntchito yoyerekeza njira zingapo. Nkhaniyi itamveka, Steve Ballmer, amene panthawiyo anali mkulu wa Microsoft, anadukiza tchuthi chake ku Switzerland mu Malichi 2003 n'kupita kukakumana ndi meya wa mzindawo, Christian Ude wa chipani cha SPD. Microsoft inatsitsa mtengo wake mobwerezabwereza mpaka unatsika kuposa mtengo umene unkayembekezeka pa njira ya Linux, komabe pa 28 Meyi 2003 makhansala anavotera Linux.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsa, chifukwa anthu ambiri amene amafotokoza nkhaniyi masiku ano amaiiwala. Munich sinasankhe Linux pofuna chotchipa. Chimene Ude ndi anzake ankadandaula nacho chinali chakuti kampani imodzi yakunja ndiyo inkalamula nthawi imene mzinda wonse uyenera kugula makina atsopano, kuphunzitsanso antchito ndi kusintha mapulogalamu ake. Iwo ankafuna kuti mphamvu yosankha nthawi imeneyo ibwerere m'manja mwa khonsolo, ngakhale zitafuna kuwonjezera ndalama pachiyambi. Ntchitoyi inatchedwa LiMux, dzina lophatikiza mawu akuti Linux ndi München, limene ndi dzina la Munich m'Chijeremani.

Zimene anapeza atavundukula

Zaka zitatu zinadutsa kompyuta yoyamba ya LiMux isanakhale pa desiki ya wantchito wamba. Mu Juni 2004 khonsolo inavomereza ndondomeko yonse ya kasamukidwe, koma mu Ogasiti chaka chomwecho ntchito inaimako kwa kanthawi chifukwa cha nkhawa yakuti lamulo limene European Union inkakambirana lokhudza umwini wa luso la mapulogalamu lingaike mzindawo pa milandu. Nkhawayo inachepa, ndipo nyumba ya malamulo ya European Union inakana lamulolo mu Julayi 2005. M'chaka chomwecho cha 2005 anasankha Debian, umodzi mwa mitundu ya Linux, kukhala maziko a LiMux, ndipo makampani a Softcon ndi Gonicus ndiwo anapatsidwa kontilakiti yoimanga. Kuika LiMux pa makompyuta a antchito kunayamba mu Seputembala 2006, kuyambira ku maofesi a meya.

Kuchedwa kwenikweni kunachokera m'kati mwa khonsolo momwemo. Gulu lotsogozedwa ndi Peter Hofmann litayamba kuwerenga zimene zinalipo, linapeza kuti khonsoloyo inalibe ofesi imodzi yoona za makompyuta. Inali ndi timagulu 22, kalikonse kali pansi pa nthambi yakeyake, kali ndi kagulidwe kake ka makina, kaikidwe kake ka Windows, kasungidwe kake ka mafayilo ndi mapulogalamu ake amene magulu enawo sankawadziwa n'komwe. Munthu akamva zoti Munich inkasamuka kuchoka ku Windows kupita ku Linux amaganiza za ulendo umodzi, pamene zoona zake n'zakuti panali maulendo oposa makumi awiri, uliwonse ukuyambira pakepake. Aliyense amene analowapo mu ofesi yaikulu kukawerenga makompyuta amadziwa mmene zimakhalira: mndandanda wa pa pepala umati pali mapulogalamu ochepa, koma ukayenda desiki ndi desiki umapeza kakale kamene kanalembedwa ndi munthu amene anapuma ntchito kalekale, ndipo ndi komweko kamene kamasindikiza malisiti.

Zimene anamanga

LiMux yoyamba inali Debian yokhala ndi maonekedwe a KDE, ndipo munali OpenOffice.org yolembera, Firefox yolowera pa intaneti, Thunderbird ya maimelo ndi GIMP ya zithunzi. Pambuyo pake maziko anasinthidwa kukhala Ubuntu, kenaka Kubuntu, mitundu inanso ya Linux, ndipo OpenOffice.org inalowedwa m'malo ndi LibreOffice. Kumbuyo kwa zimene wantchito ankaona kunali zida zimene ife a ntchitoyi timaziyang'ana poyamba. FAI inkaika pulogalamu yonse yoyendetsa kompyuta kudzera pa netiweki popanda munthu kuyenda ndi CD m'manja, kaundula wa LDAP ankasunga mayina a antchito, makina ndi zilolezo, ndipo GOsa² inali pomwe woyang'anira ankakhala n'kunena kuti wakutiwakuti alandire pulogalamu iyi ndi pulinta iyo. Mu 2007 bungwe la TÜV linapereka satifiketi yotsimikiza kuti LiMux ikukwaniritsa muyezo wa ISO 9241 wa kusavuta kugwiritsa ntchito. Kwa nthawi yoyamba khonsoloyo inakhala ndi kompyuta ya mtundu umodzi imene ikanaikidwa m'nthambi iliyonse.

Chanzeru kwambiri chimene anachita, mmene ine ndikuonera, chinali kuyamba ndi mapulogalamu olembera asanakhudze pulogalamu yoyendetsa kompyuta. OpenOffice.org, Firefox ndi Thunderbird zimayenda pa Windows pomwe, choncho antchito anazizolowera akadali pa makina amene ankawadziwa. Pofika kumapeto kwa 2009 OpenOffice.org inali itafika m'maofesi onse, ndipo ODF, mtundu wa mafayilo umene unavomerezedwa ngati muyezo wa ISO/IEC 26300 mu 2006, unakhala mtundu wovomerezeka wa zolemba za khonsolo.

Pano ndi pamene panagona ntchito yaikulu, ndipo ndikufuna kuimapo pang'ono. Ofesi ya boma imakhalira makalata ndi mafomu, ndipo kalata ya khonsolo silembedwa pa pepala loyera. Imalembedwa mu template, imene ili ngati chikombole cha njerwa, chokhala kale ndi chizindikiro cha mzinda, dzina la nthambi, nambala ya chipinda, malo a siginecha ndi mawu a lamulo amene sayenera kusintha. Ku Munich zikombole zoterezi zinalipo masauzande, zambiri zikubwereza zinzake, ndipo mkati mwa zina munali timapulogalamu tating'ono totchedwa macro, tolembedwa m'chinenero cha VBA chimene ndi cha Microsoft Office. Timapulogalamu timeneti sitisamuka tokha. Gulu la LiMux linalemba chida chake chotchedwa WollMux, chimene chimatenga dzina, udindo ndi adiresi ya wolemba kalata kuchokera mu kaundula n'kuziika chokha pamalo ake, komanso chimasonkhanitsa mafomu kuchokera ku zidutswa zosungidwa pamalo amodzi, kotero kuti nambala ya foni ya nthambi ikasintha, imasinthidwa kamodzi kokha m'malo moti munthu atsegule mafayilo mazanamazana. WollMux inatulutsidwa kwa anthu onse mu 2008 pansi pa layisensi ya EUPL. Phindu lake lalikulu linachokera pa kusesa kumene kunachitika pokonzekera, pamene zikombole zobwerezabwereza zinatayidwa, ndipo kusesa kumeneko kukanathandiza khonsoloyo ngakhale ikanakhalabe pa Windows.

Vuto linatsala pa malire a khonsolo, pomwe zolemba zimalowa ndi kutuluka. Mauniduna a boma, makampani ndi anthu wamba ankatumizabe mafayilo a Word ndi Excel, ndipo fayilo ikadutsa kawiri katatu pakati pa mapulogalamu awiriwa maonekedwe ake amasokonekera. Ine ndinaziona pa ofesi ina kumene tinaika LibreOffice pa makompyuta ochepa oyeserera. Kalata ya tsamba limodzi imene inachokera kulikulu inatsegulidwa pa imodzi mwa makompyutawo, ndipo mizere iwiri yomaliza pamodzi ndi malo a siginecha zinagwera pa tsamba lachiwiri. Abwana anaisindikiza, anaiyang'ana, n'kundiitana kuti ndidzachotse chinthu changacho. Cholakwika chinali chakuti kalatayo inalembedwa ndi zilembo za mtundu wa Calibri, zimene zimabwera ndi mapulogalamu a Microsoft, ndipo kompyutayo itazisowa inaikapo zina zotambalala pang'ono. Nditaika Carlito, mtundu wa zilembo umene unapangidwa dala kuti ufanane m'lifupi ndi Calibri, komanso Caladea m'malo mwa Cambria, kalata inabwerera pa tsamba limodzi. Kukonzako kunatenga mphindi zosakwana khumi, koma chikhulupiriro cha abwanawo sichinabwerere mwezi wonsewo. Mukachulukitsa kankhani kotere ndi antchito masauzande ambiri, mudzamvetsa mtundu wa madandaulo amene ankamveka ku Munich.

Makompyuta amene sanasamuke

Chiwerengero chinayamba kukwera mofulumira zaka zoyamba zovutazo zitadutsa. Pofika Disembala 2011 makompyuta a LiMux anali 9,000, mu Novembala 2012 cholinga cha 12,000 chinakwaniritsidwa, ndipo mu Disembala 2013 ntchitoyi inalengezedwa kuti yatha, makompyuta oposa 14,800 ali pa Linux. Zaka khumi zinali zitadutsa chivotereni makhansala.

Komabe Windows sinachoke. Khonsolo ya mzinda imagwira ntchito zambirimbiri zapadera, monga kulembetsa nzika, kupereka ziphaso, kulembetsa magalimoto ndi kujambula mapulani a nyumba ndi misewu, ndipo ntchito iliyonse ili ndi pulogalamu yake, imene nthawi zambiri imalembedwa ndi kampani yaing'ono yogulitsa kwa makhonsolo a m'dziko lonselo. Popeza makhonsolo enawo anali pa Windows, makampaniwo analibe chowakakamiza kulembera Munich yokha mtundu wa Linux. Mapulogalamu ena anasinthidwa kuti azitsegulidwa mu Firefox, ena anayendetsedwa kudzera mu Wine, chida choyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, ena anaikidwa pa seva ya Windows kuti wantchito aziwafikira ali pa desiki yake ya Linux, koma ena, makamaka olumikizidwa ndi zida monga makina owerengera zidindo za zala, anakhalabe pa makompyuta a Windows enieni. Lipoti la alangizi la mu 2016 linapeza makompyuta a Windows oposa 4,000 akugwira ntchito pambali pa a LiMux pafupifupi 20,000.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa ntchito yathuyi mwambiwu uli ndi mtengo wake woti munthu atha kuuwerenga. Ofesi yokhala ndi mitundu iwiri ya makompyuta imayesa pulogalamu iliyonse yatsopano kawiri, imafufuza pulinta iliyonse kawiri isanagule, imalemba malamulo a chitetezo kawiri, ndipo imafuna anthu odziwa mbali zonse ziwiri pa desiki yothandiza antchito. Pamenepa ndikufuna kupereka chitsanzo cha m'manja mwanga, chifukwa m'makampani ambiri zinthu zili mosemphana ndi Munich: kaundula ndi Active Directory ya Microsoft, ndipo kompyuta ya Linux imalowa ngati mlendo. Kuilowetsa sikovuta masiku ano, popeza realmd ndi SSSD zimailumikiza ku kaundulayo m'mphindi zochepa, munthu n'kumalowa ndi dzina ndi pasiwedi yomwe amagwiritsa ntchito pa Windows. Tsiku lina m'mawa, magetsi atazima usiku wonse, mayi wina wa ku ofesi ya malipiro anandiimbira foni n'kunena kuti, “Achimwene, kompyuta yanu ija yakana pasiwedi yanga.” Pasiwedi inali yolondola. Nditayang'ana mu log, momwe kompyuta imalembamo zimene zachitika, ndinapeza mzere wakuti “Clock skew too great”. Kerberos, njira imene Active Directory imagwiritsa ntchito potsimikiza kuti wolowayo ndi mwini dzina, imakana chiphaso ngati wotchi ya kompyuta yasiyana ndi ya seva ndi mphindi zoposa zisanu. Kabatire kakang'ono ka CR2032 kosunga nthawi mkati mwa kompyutayo kanali katatha mphamvu, moti makinawo anadzuka akuganiza kuti ali m'chaka china. Makompyuta a Windows a mu ofesiyo amatenga okha nthawi kuchokera ku seva ya kaundula, pamene ya Linuxyo inali ikufunafuna nthawi pa intaneti, kumene firewall yathu, mpanda wa chitetezo cha netiweki, inkaitsekera. Ndinasintha batire, ndinauza chrony, pulogalamu yolondoloza wotchi ya kompyuta, kuti izifunsa nthawi ku seva ya kaundula, ndipo vuto silinabwererenso.

Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinaiwala mzere umodzi pokonza makinawo. Koma mawu a mayiwo ndinawasunga, chifukwa anati kompyuta yanu ija. Kompyuta ya Windows ikavuta, anthu amati netiweki yavuta kapena makina akalamba, pamene ya Linux ikavuta mlandu umagwera Linux ndi munthu amene anaibweretsa. Zimenezi ndi zomwe zinachitika ku Munich, kungoti kumeneko odandaulawo anali ndi voti mu khonsolo.

Mkangano wa ndalama

Mu Novembala 2012 khonsolo inatulutsa chiwerengero chosonyeza kuti LiMux inapulumutsa mayuro oposa 10 miliyoni poyerekeza ndi kukhala pa Windows ndi Microsoft Office, gawo lalikulu likuchokera pa malayisensi ndipo lina pa makina akale amene anapitiriza kugwira ntchito. Mu Januwale 2013 kunamveka za kafukufuku wa kampani ya HP, wolipiridwa ndi Microsoft, amene anati kusamukaku kunadya mayuro 60.6 miliyoni pamene Windows XP ndi Office 2003 zikanadya mayuro 17 miliyoni okha. Khonsolo inakana kafukufukuyo. Ine sindidalira kwenikweni chiwerengero chilichonse mwa ziwirizi. Cha khonsolo chinawerengedwa ndi eni ntchito, ndipo n'kovuta kuikamo maola amene wantchito amataya akukonza kalata yosokonekera. Cha HP chinalipiridwa ndi wogulitsa amene anataya kasitomala, ndipo kuyerekeza ndi Windows XP kunali kuyerekeza ndi pulogalamu imene chithandizo chake chinali kutha mu Epulo 2014, kutanthauza kuti mzindawo ukanalipiranso ulendo wina posakhalitsa. Chimene ndimauza akuluakulu a zachuma n'chakuti ndalama ya layisensi ndiyo yokhayo imene imaoneka pa bilu, pamene ndalama zokonzera mafomu, zosinthira mapulogalamu apadera ndi zophunzitsira anthu zimabisala m'mabajeti a nthambi zosiyanasiyana, ndipo aliyense wofuna kupambana mtsutso amasankha zoti awerenge.

Mmene zinatembenukira

Mu 2014 Christian Ude anatsika pa mpando atakhalapo kuyambira 1993. Anamulowa m'malo ndi Dieter Reiter, wa SPD yomweyo, koma tsopano akulamulira limodzi ndi chipani cha CSU, chimene Josef Schmid wake anakhala wachiwiri kwa meya. Onse awiri anayamba kudandaula poyera za makompyuta a khonsolo, ndipo dandaulo limene linamveka kwambiri linali la nthawi yaitali imene inatenga kuti maimelo a ntchito ayambe kufika pa foni ya m'manja ya meya. Vuto limenelo linali la maseva a maimelo ndi malamulo a chitetezo, ndipo silinkakhudza pulogalamu imene inali pa kompyuta ya pa desiki, koma m'makutu mwa anthu zonsezo zinali LiMux. Panthawi yomweyo Microsoft inasamutsa likulu lake la ku Germany kuchoka ku Unterschleißheim kupita mu mzinda wa Munich mu 2016, ndipo Reiter anali atayendetsapo nthambi ya zachuma ndi ntchito ya mzindawo asanakhale meya. Ambiri analumikiza zinthu ziwirizi, Reiter anakana kuti zikugwirizana, ndipo ine ndingozitchula monga zinachitikira popanda kuloza munthu chala.

Khonsolo inalemba ntchito kampani ya Accenture kuti iunike zonse za makompyuta a mzindawo, ndipo otsutsa sanachedwe kukumbutsa kuti Accenture ndi mnzake wa Microsoft pa malonda. Komabe aliyense amene angatsatire zimene lipoti lawo la 2016 linanena adzaona kuti mlandu waukulu unagwera kayendetsedwe ka ntchito. Udindo wa makompyuta unali wogawidwa patatu: bungwe la it@M, limene linayamba ntchito mu 2012, linkamanga ndi kuyendetsa zida, ofesi ina inkaona za mapulani, ndipo nthambi iliyonse inali idakali ndi kagulu kake kamene kankasankha nthawi yolandirira mtundu watsopano wa LiMux. Zotsatira zake zinali zakuti antchito ambiri ankagwiritsa ntchito mitundu yakale ya LiMux ndi mapulogalamu olembera akale, ngakhale kuti yatsopano, imene inali itakonza zambiri mwa zimene ankadandaula, inalipo kale. Mkulu wa it@M, Karl-Heinz Schneider, ananena poyera kuti panalibe chifukwa cha luso chokakamiza mzindawo kubwerera ku Windows.

Makhansala anaganiza zina. Mu Febuluwale 2017 analamula kuti pakonzedwe dongosolo la kompyuta ya mtundu umodzi ya Windows, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anavomereza kusamukira ku Windows 10 kuyambira mu 2020, pa mtengo umene unayerekezedwa kukhala mayuro 49.3 miliyoni. Pamodzi ndi chiganizo chimenechi anakonzanso kayendetsedwe ka ntchito, ndipo mu 2018 kunakhazikitsidwa nthambi imodzi yoona za makompyuta a mzinda wonse. Apa pali chinthu chimene chimandiwawa monga munthu wa ntchitoyi. Mwini mmodzi wokhala ndi mphamvu pa desiki iliyonse, amene LiMux inamusowa kwa zaka zoposa khumi, anapezeka pa nthawi imene Windows inkabwerera, moti ngati zinthu zinayamba kuyenda bwino pambuyo pake palibe amene angasiyanitse kuti chinathandiza n'chiti pakati pa pulogalamu yatsopano ndi utsogoleri watsopano.

Ena amene anayenda njira yomweyi

Munich sinali yokha imene inabwerera. Unduna wa zakunja wa Germany unasiya Linux pa makompyuta a pa desiki mu 2011, ndipo khonsolo ya Freiburg inabwerera ku Microsoft Office mu 2012 chifukwa cha vuto lomwe lija la kusinthana mafayilo ndi anthu akunja. Koma apolisi a Gendarmerie nationale ku France anayenda njira yofanana kwambiri ndi ya Munich n'kufika. Anayamba ndi OpenOffice.org mu 2005, anawonjezera Firefox ndi Thunderbird mu 2006, ndipo mu 2008 anayamba kuika Ubuntu yawoyawo yotchedwa GendBuntu, imene tsopano ili pa makompyuta pafupifupi 100,000. Kusiyana kwake kuli poyera. Gendarmerie ndi gulu la chisilikali lokhala ndi mzere umodzi wa ulamuliro, ntchito za apolisi ake zimafanana dziko lonse, mapulogalamu ake akuluakulu anakonzedwa kuti azitsegulidwa mu msakatuli wa intaneti monga Firefox, ndipo chiganizo chake sichidikira chisankho cha makhansala pakatha zaka zisanu ndi chimodzi zilizonse. Chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany komweko chinaganiza mu Epulo 2024 kusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000, ndipo chikutsatira ndondomeko yoyamba ndi LibreOffice, kenaka maimelo kupita ku Open-Xchange ndi Thunderbird, Linux n'kubwera pambuyo.

Zimene ndimachita ndikafunsidwa

Abwana akandifunsa ngati tingaike Linux, sindiyamba ndi kuwaonetsa Ubuntu kapena Linux Mint, chifukwa kukongola kwa desiki sikunagwetsepo kapena kupulumutsa ntchito yotereyi. Ndimapempha masabata angapo oyenda desiki ndi desiki, ndikulemba pulogalamu iliyonse imene munthu amatsegula, fayilo iliyonse ya Excel yokhala ndi macro, sikana ndi pulinta iliyonse, komanso mabungwe akunja amene timasinthana nawo zolemba zoti mbali zonse zizikonza. Pa mndandanda umenewo makompyuta amadzigawa okha. Alipo a pa malo olandirira alendo, a m'chipinda chophunzirira ndi a anthu amene ntchito yawo yonse ili mu msakatuli, ndipo amenewa amasamuka popanda phokoso, makamaka makina akale amene Windows 11 ikuwakana chifukwa alibe kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Alipo a ku zachuma amene moyo wawo uli mu Excel ndi pulogalamu ya maakaunti ya Windows yokha, ndipo amenewa ndimawasiya mpaka pulogalamuyo itapeza njira ina. Ndikamaliza ndimafunsa mafunso awiri amene si a luso konse: ndani ali ndi mphamvu youza nthambi iliyonse kuti ilandire mtundu watsopano pa tsiku lakutilakuti, ndipo munthu ameneyo akachoka chiganizochi chidzatsala m'manja mwa yani? Pamene mayankho ake sakumveka, ndimalangiza kuti tiike LibreOffice ndi Firefox pa Windows, tisunge zolemba zathu mu ODF ndi PDF, ndipo pogula pulogalamu yatsopano tiziika mu kontilakiti kuti iziyenda mu msakatuli uliwonse, kuti tsiku lofuna kusamuka likadzafika khomo lidzakhale lotseguka.

Ku Munich nkhaniyi sinathere pa voti ya 2017. Chisankho cha 2020 chitapita, chipani cha Greens ndi SPD zinagwirizana kuti pomwe luso ndi ndalama zikulola, mzindawo uzisankha miyezo yotseguka ndi mapulogalamu amene aliyense ali ndi ufulu woona mkati mwake, ndiponso kuti pulogalamu yolembedwa ndi ndalama za anthu izitulutsidwa kwa anthu, mfundo imene bungwe la Free Software Foundation Europe linayamba kuilimbikitsa mu 2017. Mgwirizanowo sunabwezeretse LiMux pa madesiki a antchito. WollMux, chida cha makalata chija, inaperekedwa m'manja mwa The Document Foundation, bungwe limene limasamalira LibreOffice, ndipo kumeneko inapatsidwa dzina latsopano lakuti LibreOffice Template System.